Database ili pa Windows, laputopu ili ndi Ubuntu: yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Achimwene ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Amasunga kaundula wa gulu la alimi a tiyi: mayina, makilo a masamba amene aliyense wakweza pa sikelo, ndi ndalama zoti alandire. Zonsezi zili mu SQL Server Express, pulogalamu ya Microsoft yosungira database, pa kompyuta ya Windows ya ku ofesi. Laputopu yawo ili ndi Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ndipo code amalembera mu VS Code. Akufunsa kuti: "Kodi ndichite kuika Windows chifukwa cha SSMS yokha basi?"

Ayi achimwene, musavutike.

N'zoona kuti SSMS (SQL Server Management Studio, pulogalamu yoyendetsera SQL Server) imayenda pa Windows pokha, pomwe SQL Server mwini wakeyo anayamba kuyenda pa Linux mu 2017. Microsoft inabweretsa Azure Data Studio kuti ithandize a Linux ndi a Mac, koma mu February 2025 inalengeza kuti iisiya pa 28 February 2026, n'kuuza anthu kuti asamukire ku VS Code. Ndiye mukaona vidiyo yakale ikukuuzani kuti muike Azure Data Studio, musaonongerepo bandulo. Ikani extension (kapulogalamu koonjezera) ya MSSQL mu VS Code yomwe muli nayo kaleyo. Muziona matebulo, kulemba query (malamulo ofunsira database) ndi kuona zotsatira pomwepo.

Ine chimene chimandisangalatsa n'chakuti query imakhala fayilo ngati code ina iliyonse, n'kulowa mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo. Mawa mlimi akadandaula kuti makilo ake aperewera, mutha kuona amene anasintha kawerengedwe ndi tsiku lake. Komanso laputopu zathu zakaunjikazi sizifuna kutsegulirapo mapulogalamu ambirimbiri.

Pamene mungavutikepo ndi polumikiza. Express imabwera TCP/IP, njira yolumikizirana pa netiweki, itazimitsidwa, ndiye muyatse kaye pa kompyuta ya ku ofesiyo, muike port (nambala ya khomo lolowera) yokhazikika monga 1433, ndipo firewall muiuze kuti ilole. Kulowa ndi akaunti ya Windows muli pa Ubuntu ndi chintchito, bola mulole SQL login (dzina ndi pasiwedi za mu SQL Server momwemo) n'kupanga yanuyanu. Koma port imeneyi musaitsegulire intaneti yonse kuti muzigwira ntchito muli kunyumba. Pamafunika VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya ku ofesi muli kutali.

Tsono nkhani yaikulu. Extension imathandiza polemba query, koma kusamala database kusadalire mabatani a pulogalamu iliyonse, chifukwa mwaona nokha kuti mapulogalamu amatha. Phunzirani kulemba BACKUP DATABASE, RESTORE DATABASE, CREATE LOGIN ndi GRANT. Malamulo amenewa amagwira mu SSMS, mu VS Code, ngakhale mu sqlcmd, pulogalamu yongolembamo malamulo popanda mabatani, yomwe iliponso pa Linux. Dziwaninso kuti fayilo ya backup imagwera pa disiki ya seva, kompyuta ya ku ofesi ija, osati pa laputopu yanu. Express ilibe SQL Server Agent, yomwe imayendetsa ntchito yokha pa nthawi yoikika, choncho backup ya tsiku ndi tsiku muipereke kwa Task Scheduler ya Windows kuti iziitana sqlcmd, kenaka fayiloyo muziikopera pa fulashi yomwe sigona mu ofesimo. Mphenzi za kuno kunsi kwa phiri mukuzidziwa.

Chenjezo lina: database yoyeserera ndi yeniyeni zikakhala pa windo limodzi, n'kosavuta kulemba DELETE yopanda WHERE, yomwe imafufuta zonse za mu tebulo, pa yolakwika. Akaunti yogwiritsa ntchito tsiku lililonse ikhale yongowerenga, yosinthira zinthu ikhale ina.

Gulu lanu likadzasamukira ku ma database ena monga PostgreSQL kapena MySQL, pulogalamu yoyendetsera database ya DBeaver Community ndi yaulere, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo imalumikizana ndi onsewa, SQL Server yomwe. Imadya RAM ndithu, ndiye muziitsegula pokhapokha pakafunika.