Kodi amene anagonapo pakhonde angathandize anzake?

Mayi wina wa ku Highfield, kuno ku Harare, wanditumizira imelo. Mpingo wawo umaphikira anthu ogona m'makhonde a masitolo Loweruka lililonse. Pali mnyamata amene kale ankagona pa msika waukulu wa Mbare Musika, pano ali ndi kachipinda kake, ndipo mayiwa akufuna azigwira nawo ntchitoyi. Akuluampingo akukana, ati abwerera ku mutoriro, mankhwala ozunguza bongo otchedwanso crystal meth.

Mayi, mutengeni. Inu mukafika ndi mphika wa nsima, anthu amalandira mbale, kuthokoza, basi. Iyeyo amadziwa kuti uyo wafunda makatoni pakona uja anasiya ma ARV chifukwa anamubera chikwama ali mtulo. Amadziwanso amene alibe chitupa, vuto lomwe ife adzukulu a anthu ochokera ku Nyasaland timalidziwa bwino, ngakhale malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anatsegula njira ya unzika. Ndipo musaiwale Murambatsvina wa 2005, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika ya anthu m'mizinda: lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwira. Munthu wotere akaona mlendo ali ndi kabuku ndi cholembera, amatseka pakamwa. Kwa mnzake amene anawotha naye moto wa matayala mu June amamasuka.

Si zachilendo kuno ku Harare. Bungwe la Zvandiri limaphunzitsa achinyamata omwe ali ndi HIV kuti azilimbikitsa anzawo kumwa mankhwala.

Koma nkhawa yanga ili pa inu ampingo, osati pa iye. Muzimulipira. Mipingo yathu timakonda kunena kuti "akutumikira Ambuye", chonsecho mwini nyumba akufuna lendi yake m'madola. Musamamuimiritse kutsogolo Lamlungu lililonse kuti afotokoze za moyo wake wakale. Mbiri ndi yake, ainene akafuna. Ndalama za gulu asasunge, osati poti ndi wakuba, koma anzake akale adzamupanikiza, "iwe, wayamba kutinyoza?", ndipo kukana n'kovuta.

Pakhale munthu mmodzi wokhala naye pansi mlungu uliwonse, womufunsa za mtima wake, chifukwa mukumubwezera kumalo kumene anavutikira, fungo lake lomwelo. Za mutoriro mukambirane poyera asanayambe: akaterereka auze ndani, apume masiku angati, abwerere bwanji pantchito. Foni yakenso izizima usiku, apo ayi azidzutsidwa pakati pa usiku ndi aliyense amene wamangidwa.