Mafunso a Owerenga: Kodi Kusula Zitsulo Mwaluso Kungadyetse Munthu?

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wowotcherera zitsulo pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo ntchito yanga yambiri ndi mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo ndi mageti. Agogo anga aamuna ankasula makasu ndi nkhwangwa kumudzi, koma luso lawo anapita nalo. Pa intaneti ndimaona amisiri akunja akusula mageti a masamba ndi maluwa achitsulo, ena akupanga ziboliboli za nyama ndi anthu, ndipo mtima wanga uli kumeneko. Anzanga akuti zimenezo n'zachizungu, kuno palibe angagule. Ndiyambire pati, nanga munthu angadye nazo? Ndine wowerenga wanu, pa Kamuzu Road.

YANKHO: Achimwene, munthu angadye nazo ndithu, koma chimene chidzakudyetseni m'zaka zoyambirira si ziboliboli ayi, ndi mageti omwewo amene mukupanga lero, malinga ngati ayamba kuoneka kuti adutsa pamoto ndi pansi pa nyundo. Choncho makina owotchererawo musagulitse. Za anzanu amene akuti luso limeneli n'lachilendo, auzeni kuti m'nkhalango ya Kasungu National Park mudakali ng'anjo zimene makolo athu ankayengera chitsulo kuchokera m'miyala, ndipo makasu amene osula ankapanga ankasinthanitsidwa ndi katundu wina kalekale ndalama zisanafike.

Kusiyana kwa ntchito ziwirizi nkofunika kukumvetsa, chifukwa ndi kumene kasitomala adzalipirire. Wowotcherera amadula chitsulo chozizira n'kulumikiza zidutswa, ndipo chitsulocho chimakhalabe ndi maonekedwe amene chinabwera nawo kuchokera kufakitale. Wosula amachitenthetsa mpaka chifewe, n'kuchitalikitsa, kuchinenepetsa, kuchipotokola, kuchiboola kapena kuching'amba, kotero kuti ndodo imodzi yamakona anayi imatha kusanduka tsinde la bango lokhala ndi tsamba kunsonga popanda kuphatikizapo kanthu kena. Chitsulo wamba chomangira chimasulika bwino chikatentha madigiri a pakati pa 900 ndi 1,200, ndipo wosula sayeza ndi chipangizo chilichonse koma amaona mtundu wa chitsulocho. Chikafika pachikasu ndiye nthawi yomenya, chikabwerera pofiira modera chibwezereni pamoto chifukwa mukapitiriza chidzang'aluka, ndipo chikayamba kuthetheka ndiye kuti mwachiotcha, chawonongeka. N'chifukwa chake chipala chimamangidwa pamthunzi, pakuti padzuwa la ku Salima la mwezi wa Okutobala maso sangasiyanitse mitundu imeneyi.

Zipangizo zoyambira si zodula monga momwe zithunzi za pa intaneti zingakuganiziritseni. Mufunika chipala cha njerwa ndi dothi, mvukuto kapena fani yaing'ono yopemerera moto, chitsulo cholemera chosulirapo chokhazikidwa pachitsa, nyundo yosapitirira kilogalamu imodzi ndi theka, ndi zopanira. Zotsalazo, monga matchizulo ndi zoboolera, wosula amadzipangira yekha kuchokera ku masipuling'i akale a galimoto. Chitsulo cha sipuling'i chimalimba mukachitenthetsa kupitirira pang'ono pamene maginito amaleka kuchikoka, pomwe ndi pafupifupi madigiri 770, n'kuchiviika m'mafuta, kenaka n'kuchifunditsanso pang'ono kuti chisamasweke pomenya. Chitsulo wamba cha mageti sichilimba chotero ngakhale mutachiviika kangati. Pali zinthu zitatu zimene sindingazisiye osanena. Chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi amadzi ndi malata, musachiike pamoto, chifukwa utsi wake umadwalitsa. Makalanso mugule kwa amene ali ndi chilolezo monga lamulo la zankhalango la 1997 limafunira, ndipo chidutswa cha njanji choti muzisulirapo chimene wina akugulitsa usiku chidzakugonetsani kupolisi.

Pa funso la ndalama, mbiri ya Philip Simmons wa mumzinda wa Charleston ku America ingakuthandizeni kuposa malangizo anga. Iye anabadwa mu 1912, anayamba kuphunzira kusula ali ndi zaka 13 pamalo okonzera ngolo ndi kuveka akavalo zitsulo zakumapazi, ndipo galimoto zitachuluka ntchito imeneyo inayamba kutha. Cha m'ma 1938 anatembenukira ku mageti ndi mipanda yokongoletsa, ndipo pomwalira mu 2009 n'kuti atapanga zinthu zoposa 500 zimene anthu amapita kukaona mumzindawo. Samuel Yellin wa ku Philadelphia, amene m'zaka za m'ma 1920 anali ndi antchito oposa 200, nayenso ankadyera mageti, nyali ndi zotchinga za mabanki, mayunivesite ndi matchalitchi. Onse awiri anadziwika chifukwa cha ntchito ya panyumba za anthu ndi za mabungwe, imene mwini wake amaiitanitsa ndi kulipira.

Msika wa ntchito yotereyi kwanuko ulipo, ngakhale ndi wochepa ndipo sudzabwera wokha pakhomo panu. Malo ogona alendo a ku Senga Bay amafuna mageti, zikwangwani, zoikapo nyali, mipando yapanja ndi zotchinga zapakhonde, ndipo eni ake amafuna chinthu chimene mlendo angachijambule. Matchalitchi ndi mizikiti imafuna zitseko ndi mawindo okongola. Lilongwe, kumene anthu akumanga nyumba za mipanda tsiku ndi tsiku, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha. Chimene ndingakuletseni ndi kukopera mapiringidzo a ku Ulaya amene mumaona pafoni, chifukwa ofanana nawo opangidwa ndi makina amagulitsidwa motchipa ndipo simungapikisane nawo. Chambo, nkhwazi, mlambe, bango, ngala ya mpunga wa ku Lifuwu, bwato ndi nkhafi zake, izi ndi zimene makina akunja sapanga. Pitani tsiku lina ku Mua, ku KuNgoni Centre imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone momwe osema mitengo anatengera nkhani za Achewa, Angoni ndi Ayao n'kuziika pazitseko ndi pansanamira. Iwo amagwiritsa ntchito mtengo, koma phunziro lake ndi lomwelo.

Phunzirani kujambula. Geti lililonse liyambe papepala, kenaka lijambulidwe ndi choko pansi pa simenti pa kukula kwake kwenikweni, kuti chidutswa chilichonse chikachoka pamoto muchiyerekeze pamzere wake. Akatswiri olemba mapulani a nyumba ndi makontilakitala sangapereke ntchito kwa mmisiri amene sangawerenge pulani kapena kutumiza chojambula chokhala ndi miyezo.

Kumene amisiri ambiri amagwera ndi pamtengo. Wowotcherera anazolowera kuwerengera zitsulo, ndodo zowotcherera, penti ndi kaphindu pamwamba, koma m'kusula chodula kwambiri ndi nthawi. Ndodo yamakona anayi ya mamilimita 12 imalemera pafupifupi makilogalamu 1.13 pa mita iliyonse, ndipo mtengo wake aliyense angaufunse kusitolo, koma kuisandutsa masamba makumi awiri ofanana kungakutengereni tsiku lathunthu limodzi ndi wokuthandizani kumenya. Muzilemba maola a ntchito iliyonse m'kope, muzisula chitsanzo chimodzi musanatchule mtengo, ndipo muzitenga ndalama yoyambira yokwanira kugula zitsulo zonse, pakuti mitengo ya zitsulo imakwera ntchito ili mkati. Mgwirizano ulembedwe ngakhale kasitomalayo ndi malume anu.

Ziboliboli zibwere pang'onopang'ono, madzulo ndi masiku amene maoda achepa, ndipo muyambe ndi zing'onozing'ono zimene mlendo angaike m'chikwama. Chitsanzo cha kutalika kwa njira imeneyi chili pafupi, ku Mozambique. Kumeneko ntchito yosinthanitsa mfuti za nkhondo yapachiweniweni ndi makasu, njinga ndi makina osokera inayamba mu 1995 motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, ndipo amisiri a ku Maputo ankadula mfutizo n'kupanga ziboliboli. Mpando wachifumu wopangidwa ndi mfuti, umene Cristóvão Canhavato anapanga mu 2001, uli ku British Museum mumzinda wa London. Ntchito imeneyo ndi yowotcherera osati yosula, zomwe zikusonyeza kuti luso limene muli nalo kale si lapansi.

Za sukulu, maphunziro a Fabrication and Welding (kupanga zinthu zachitsulo ndi kuwotcherera) a m'makoleji a ntchito zamanja, amene amayang'aniridwa ndi TEVETA yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, angakupatseni satifiketi yofunika popempha ntchito zikuluzikulu, ndipo Salima Technical College ili ku Senga Bay komweko kuti mukafunse. Digiri ya kusula mwaluso imaperekedwa kutali, monga ku Hereford College of Arts ku England. Koma mphunzitsi wa nyundo amene ali pafupi nanu ndiye mkulu uja amene amabwera ndi nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni tsiku la msika. Mulondoleni kwawo, mupemphe kumupemerera moto ndi kumumenyera nyundo yaikulu, ndipo mumulipire nthawi yake.

FUNSO: Ndili ndi kanyumba kogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota. Zotchinga zachitsulo zapakhonde zachita dzimbiri pasanathe zaka ziwiri. Kodi ndi madzi a m'nyanja? Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mayi, madzi a nyanja yathu alibe mchere wodya chitsulo monga a ku Beira. Chimene chawononga ndi chinyezi, mchenga umene mwera umaulutsa n'kupala penti, ndiponso kapangidwe. Kawirikawiri dzimbiri limayambira pamene zitsulo ziwiri zagundana n'kusiya kampata kosunga madzi, m'kati mwa mapaipi opyapyala osatsekedwa, ndi pansi pamene chitsulo chalowa mu simenti. Itanani mmisiri apale mpaka chitsulo chiwale, apake penti yoteteza ku dzimbiri tsiku lomwelo, kenaka penti yapamwamba kawiri, ndipo pamene pabooka adule aikepo chatsopano. Mukamadzapangitsa zina, funsani ndodo zopanda mphako m'malo mwa mapaipi, chifukwa ngakhale zimalemera ndi kudula sizidyeka kuchokera m'kati. Muonetsetsenso kuti mpata wa pakati pa ndodozo usafike mamilimita 100, womwe ndi muyezo umene malamulo omangira a m'maiko ambiri amaika kuti mutu wa mwana usalowe.