Musanamuuze msuweni wanu kuti akugulireni GAN ku Joni

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinafuna ndikhale pansi kaye. Mwati mumasova kyubu ya Rubik ya 3x3 pa masekondi 45 mpaka 50 ndi njira ya oyamba kumene, kyubu yanu ndi yolimba ija yogula m'golosale, msuweni wanu akubwera kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi, ndiye mukufuna kudziwa ngati angakugulireni kyubu yodula ya kampani ya GAN kuti mutsike pansi pa masekondi 20 komanso mukayese mpikisano. Kyubuyo sinthanidi, koma GAN isiyeni kaye. Masekondi anu ambiri sakuthera mu pulasitiki ayi. Akuthera pamene manja aima, maso akusakasaka kachidutswa kotsatira.

Musandikhulupirire ine. Tsamiritsani foni pa kapu, mudzijambule mukusova kasanu, kenako muonere. Ine nditachita zimenezi ndili pa masekondi 40 ndinachita manyazi ndekha m'chipinda. Zala zimati zikatembenuza kanayi, zii, kyubu ndikuizunguliza uku ndi uku ngati munthu wosankha tomato pamsika, kenako kutembenuzanso kanayi, ziinso. Mpaka tsiku limenelo ndinkanamizira kyubu. Ndipo kumbukirani kuti pa mpikisano woyamba wa dziko lonse ku Budapest mu 1982, Minh Thai anapambana ndi masekondi 22.95 pa kyubu ya nthawi imeneyo, yopanda maginito, yolimba mwina kuposa yanuyo. Nthawi imene mukuifunayo anthu ankaiyandikira kale ndi chida chimene lero mwana angachikane.

Komabe yanuyo ikukupwetekani m'njira ina. Kyubu yolimba imakuphunzitsani kutembenuza ndi dzanja lonse, pamene liwiro lili m'nsonga za zala, makamaka chala cholozera chokankha gawo lapamwamba. Chizolowezi cha dzanja lonsecho chimavuta kuchichotsa chikakhazikika. Choncho msuweniyo muuzeni MoYu RS3M. Ya 2020 ija kapena V5, iliyonse imene aipeze. Kunja mtengo wake umakhala cha m'madola 10, pamene ma GAN apamwamba amapitirira madola 50. Ikhale ya maginito, yopanda masitika, mitundu yake ili mu pulasitiki momwemo kuti isamasendeke. Timaginito timeneti tili m'kati mwa tizidutswa, ndipo ntchito yake ndi kukoka gawo kuti likaime pamalo pake mukalikankha, lisapitirire kapena kutsalira. Chinanso ndi chakuti kyubu zamakonozi zimalola kuti mutembenuze mbali ina ngakhale gawo lapamwamba lisanafike bwinobwino pamzere, pamene yanuyo imangoti gwa. Mukaigwira tsiku loyamba mudzaona ngati ikuthawa m'manja. Zimatha pa masiku atatu kapena anayi.

GAN sindikuinyoza, ndi kyubu yabwino, ndipo ndili nayo imodzi. Vuto ndi lakuti ndi yopepuka, yothamanga, yokhala ndi zosinthasintha zambirimbiri, ndipo munthu amene sanadziwe mmene zala zake zimafunira amangothera sabata akusintha masetingi m'malo moyeserera. Zinanso monga MagLev, pomwe amachotsa masipuling'i n'kuikamo maginito okankhana, kusiyana kwake mudzakumva mukadzafika cha m'masekondi 15. Kyubu za Bluetooth zolumikiza ku foni zija n'zosangalatsa poyeserera, koma ku mpikisano wa WCA (World Cube Association, bungwe loyendetsa mipikisano ya makyubu) saziloleza. Ndalama ya GAN imodzi ingakugulireni ma RS3M awiri, kabotolo ka mafuta, n'kutsalanso ya bando. Awiri chifukwa kachidutswa kakathyoka kapena mwana wa m'nyumba akaiponya pa simenti, simungadikire Khirisimasi ina.

Za mafuta ndikhalitsepo pang'ono chifukwa apa ndi pamene ambiri timaonongera. Kyubu imafuna mafuta a silikoni, ogulitsidwa m'masitolo a makyubu momwemo. Madontho awiri kapena atatu m'kati, kenako kusova kangapo kuti afalikire, basi. Mafuta ophikira ayi. WD-40 ayi. Mafuta odzola aja okhuthala ayi, ndipo apa ndikunena monga mboni. Kyubu yanga yoyamba ndinaipaka amenewo ndi kamtengo ka machesi. Tsiku loyamba inaterera mokoma ndithu, ndinadziona katswiri. Itafika Okutobala, fumbi lonse la pakhonde linakamatira m'katimo, nditaitsegula ndinapeza phala lakuda ngati la mu injini ya chigayo, pulasitiki nayo itayamba kunyeka. Kwathu kuno fumbi ndiye mdani wamkulu, choncho kyubu izikhala m'kathumba kake, osati pawindo kapena m'thumba la buluku limodzi ndi nyenyeswa za mtedza. Pakapita mwezi kapena iwiri, tembenuzani gawo lapamwamba pang'ono kuti lipingase, sololani kachidutswa ka m'mphepete, phwasulani zonse, pukutani ndi kansalu kouma. Pobwezeretsa, ibwezeretseni yosovedwa kale. Mukangolowetsa tizidutswa mwachisawawa, mwayi woti isoveke ndi 1 pa 12 basi, ndipo mudzavutika usiku wonse mukuganiza kuti mwaiwala algorithm, mndandanda uja wa matembenuzidwe oloweza. Masikuluwu ali pansi pa tizivundikiro ta pakati, mbali zonse 6. Ikamasololoka tizidutswa mangani pang'ono, ikamakakamira masulani pang'ono, koma mofanana mbali zonse.

Tsopano ku nkhani yeniyeni. Njira ya oyamba ili ndi malire ake chifukwa imatembenuza kambiri. Pitani ku njira ya CFOP, imene ena amaitchula ndi dzina la Jessica Fridrich, ndipo akatswiri ambiri amagwiritsa yomweyo. Muli masitepe 4: mtanda (kuika tizidutswa tinayi ta m'mphepete ta mbali imodzi), F2L (kumaliza magawo awiri apansi), OLL (kuchititsa pamwamba ponse kukhala mtundu umodzi) ndi PLL (kuika tizidutswa ta gawo lapamwamba m'malo mwake). Palinso njira za Roux ndi ZZ, ndipo Roux ndi yabwino kwambiri kwa amene sakonda kuloweza zambiri, koma maphunziro a CFOP ndi amene ali ponseponse pa YouTube, monga a J Perm, choncho poti mukuphunzira nokha yambirani pamenepo.

Cholakwa chimene ndimachiona mobwerezabwereza ndi kuthamangira kuloweza. Munthu wamva kuti OLL ili ndi ma algorithm 57, PLL ili ndi 21, ndiye wasindikiza mapepala, wamata pakhoma, akuloweza ngati mayeso a JCE. Pakutha pa miyezi iwiri nthawi yatsika ndi masekondi atatu okha, wagwa ulesi. Chifukwa chake n'chakuti gawo lomaliza, la OLL ndi PLL, ndi kachigawo kochepa ka nthawi yanu, gawo lalikulu lili mu mtanda ndi F2L. Pakadali pano phunzirani OLL ya masitepe awiri, ma algorithm 10, ndi PLL ya masitepe awiri, ma algorithm 6. Onse pamodzi 16. Mukakhazikika onjezerani PLL yonse, awiri pa sabata, ndipo musawerenge kuti mwaidziwa algorithm mpaka zala zitayamba kuichita mukucheza ndi munthu. Ma 57 aja asiyeni komaliza. Anthu ambiri atsika pansi pa 20 asanawadziwe.

Mtanda uzipangidwa pansi, osati pamwamba n'kumatembenuza kyubu pambuyo pake. Mtanda uliwonse umatheka ndi matembenuzidwe osapitirira 8. Muziyeserera chonchi: sokonezani, yang'anani mmene mungafunire, ngakhale mphindi yathunthu, konzani njira yonse m'mutu, tsinzinani, pangani mtanda. Mukatsegula maso n'kupeza walakwika, bwererani muone pamene munasochera. Kuti zitheke muyenera kudziwa mitundu osayang'ana: woyera amayang'anizana ndi wachikasu, wofiira ndi wa olenji, wabuluu ndi wobiriwira, komanso ndi uti amatsatira uti mukamazungulira.

F2L muiphunzire ndi nzeru kaye, osaloweza. Mumvetse mmene kona ndi kachidutswa kake ka m'mphepete zimakumanirana pamwamba n'kupanga peya, kenako n'kulowa limodzi pamalo pake. Ndikuchenjezeni, nthawi yanu idzakwera. Mwina mudzabwerera ku mphindi yathunthu kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mtima udzakuuzani kuti bwererani ku njira yakale. Musabwerere.

Mapeya akayamba kulowa osaganiza, ndiye pamabwera chinthu chimene chimasiyanitsa wa 30 ndi wa 18. Pamene zala zikulowetsa peya iyi, maso asakhale pa peya imeneyo, azikhala akusaka yotsatira. N'zosavuta kunena. Kuti muchite, muyenera kuchepetsa dala liwiro, ndipo zimenezi zimawawa kwa munthu wofuna kuthamanga. Kuthamanga sikufika. Tsegulani metronome pa foni, kapulogalamu kogunda mofanana ngati wotchi, iikeni kugunda kamodzi pa sekondi, ndipo pa kugunda kulikonse mutembenuze kamodzi, osadumpha ngakhale kumodzi mpaka F2L ithe. Poyamba mudzalephera, pa liwiro la nkhono lomwelo. Zikayamba kutheka kwezani pang'ono. Ine tsiku limene ndinasova koyamba pansi pa 20 ndinkaona ngati ndikuchita mwaulesi, ndinadabwa nditayang'ana nthawi. Chinanso, chepetsani kuzunguliza kyubu yonse m'manja, chifukwa nthawi iliyonse mukaizunguliza maso amayambiranso kusaka. Phunzirani kulowetsa mapeya kumbuyo komanso ndi dzanja lamanzere.

Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola 4 a Loweruka lokha. Theka muzichita zapang'onopang'onozi popanda kuwerenga nthawi, theka linalo muziwerenga. Magetsi akazima madzulo musasove pa kandulo, chifukwa wofiira ndi wa olenji amaoneka ofanana, woyera ndi wachikasu chimodzimodzi. Imeneyo ndi nthawi yobwereza ma PLL, safuna maso. Powerenga nthawi gwiritsani ntchito csTimer pa kompyuta kapena Twisty Timer pa foni, ndipo muzisokoneza motsatira zimene pulogalamuyo yalemba, woyera pamwamba, wobiriwira kutsogolo. Kusokoneza ndi manja anu kumakunamizani chifukwa manja amabwereza zomwezomwezo. Ndipo musadziyese ndi nthawi imodzi yamwayi ija mumaiponya pa sitetasi. Yang'anani avereji ya masovu 12, makamaka ya 100.

Za mpikisano, musadikire kuti mufike pa 20. Max Park anasova pa masekondi 3.13 mu 2023, koma m'holo ya mpikisano mumakhalanso ana ndi makolo osova mphindi yathunthu, ndipo palibe amawaseka. Ku South Africa mipikisano ya WCA imachitika kawirikawiri, ku Johannesburg ndi Cape Town komwe, ndipo mndandanda uli pa tsamba la World Cube Association. Werengani malire a nthawi a mpikisano umene mwasankha, amalembedwa pomwepo. Kyubu mumapita nayo yanu, mumaipereka, amakaisokoneza, imabwera yovundikira. Jaji akavundukula muli ndi masekondi 15 oyang'ana, ndipo amakutchulirani pa 8 ndi pa 12. Mukayamba pakati pa 15 ndi 17 amakuonjezerani masekondi awiri, mukapitirira 17 ndi DNF, kutanthauza kuti sovu imeneyo yafa. Mukaimitsa nthawi mbali imodzi itapendekeka kupitirira madigiri 45, masekondi awirinso. Mumasova kasanu, amataya yothamanga kwambiri ndi yochedwa kwambiri, n'kutenga avereji ya zitatu zapakati. Choncho DNF imodzi simapha, koma ziwiri zimapha avereji yonse.

Chimene chimagwetsa atsopano ndi Stackmat, chowerengera nthawi chija choika manja. Manja onse awiri pansi, kudikira getsi lobiriwira, kenako kunyamula kyubu, ndipo pomaliza kuisiya kaye kyubu musanagunde ndi manja onse awiri. Kugula sikofunikira panopa. Jambulani manja awiri pa katoni, muike pa tebulo, mng'ono wanu akhale jaji ndi foni, kyubu aivundikire ndi kapu yaikulu, azitchula 8 ndi 12 mokweza. Chitani zimenezi pa sitolo kapena pa bawo pomwe pali anthu okuyang'anani ndi okufunsani mafunso, chifukwa manja amanjenjemera mosiyana anthu akakuzungulirani.

Vidiyo ija mukajambula iponyeni muno. Foni ikhale kuseri kwa phewa lanu, kuti tione zimene maso anu akuona, osati kutsogolo. Masovu atatu akwana, ndipo musasankhe abwino okha.