Ngati mayiko anasayina, nanga mercury ikutani kumigodi ya golide?

Achemwali ena anditumizira imelo kufunsa kuti: "Ndinamva kuti mayiko anagwirizana zothana ndi mercury (chitsulo chamadzimadzi cha poizoni), nanga bwanji okumba golide akuyigwiritsabe ntchito, m'mafuta oyeretsa khungu ajanso ikupezekabe? Panganolo linali lachiphamaso eti?"

Achemwali, lachiphamaso ayi, koma mpata ulipo ndithu ndipo ndi waukulu.

Dzina la panganoli ndi Minamata, tauni ya ku Japan komwe fakitale ya Chisso inkataya madzi a mercury m'nyanja, poizoni nkulowa mu nsomba, anthu nkumadya osadziwa. Anayamba ndi amphaka, kumangozungulira ngati apenga mpaka kugwera m'madzi, kenako anthu manja kuchita dzanzi, kuyankhula kuvuta, ana kubadwa olumala. Matendawa anadziwika mu 1956 koma boma linadzavomera mu 1968 kuti gwero ndi fakitaleyo, tangoganizani zaka 12 zonsezo madzi aja akutayidwabe.

Ndiye poti mercury ikalowa mu mpweya imauluka kukagwa kutali kopanda chitupa, dziko limodzi palokha silingathe. Zokambirana pansi pa UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, zinayamba mu 2010, anasayina ku Kumamoto, ku Japan komweko, mu Okutobala 2013, pangano nkuyamba kugwira ntchito pa 16 Ogasiti 2017.

Pa katundu wa m'fakitale analimba mtima. Migodi yatsopano ya mercury analetsa, yakale anaipatsa zaka 15 kuti itseke, toyezera kutentha kwa thupi ta mercury ndi mabatire ena anati kupanga kuthe pofika 2020. Mafuta a khungu poyamba ankalola kamlingo kochepetsetsa, koma pa msonkhano wa ku Geneva mu 2023 anati pofika 2025 pasakhale olo dontho. Ndiye amene mukuwaonawo ambiri ndi ozembetsa basi, pabotolo salembapo nkomwe.

Pa golide mpamene anayenda chamtsinde. Lipoti la UNEP la 2018 linati mu 2015 zochita za anthu zinatulutsa matani pafupifupi 2,220 mu mpweya, ndipo pafupifupi 38 peresenti inachokera kwa okumba golide ang'onoang'ono, kuposa owotcha malasha. Amasakaniza mercury ndi dothi kuti igwire golide, kenako amawotcha kampira ka mercury ndi golide kamene kapangikako, mercury nkuthawa ngati nthunzi kupita m'mapapo mwawo ndi mwa ana ali pafupi. Koma pangano silinaletse zimenezi. Linangoti dziko lomwe kuli migodi yotereyi lilembe pulani yochepetsera, makamaka kusiya kuwotchera poyera kapena m'malo okhala anthu.

Poyamba zinandinyansa, sindikubisirani. Koma anthu mamiliyoni amadya chifukwa cha ntchitoyi, mukaletsa lero mawa angoyamba kuwotchera m'nyumba mobisa, zomwe ndi zoopsa kuposa. Chimene chimandiwawabe ine ndi choti pangano lomwelo limalola mayiko kugulitsana mercury yopita kumigodi ya golide bola dziko lolandira lavomera polemba, ndiye achemwali botolo la mercury lomwe mungalione kumgodi mwina linalowa ndi mapepala onse.