A Mbewe, maondo si vayisi: kunola tcheni kuti thabwa lisakhote

A Mbewe a ku Chadiza ananditumizira imelo sabata yatha, ndipo yankho lake silingakwane m'mizere iwiri. Iwo amacheka matabwa a malaina ndi mlombwa ndi makina ochekera a tcheni (chainsaw) a Stihl MS 381. Akuti akanola tcheni makina amadya ndithu, koma mcheko umathawira kumanzere, thabwa n'kutuluka lonenepa mbali imodzi ndipo akalipentala akumalikana. Ponola amakhala pansi, makina atawapana pakati pa maondo. Funso lawo ndi lakuti: kodi munthu angapange yekha vayisi yogwira tcheni, popeza ya m'sitolo saiona kwawoko?

Mungapange, a Mbewe, ndipo zitsulo zake mwina zili kale kuseri kwa nyumba yanu. Koma ndiyambe ndi maondowo, chifukwa ndi pamene pagona vuto.

Tcheni ili ndi mano a mbali ziwiri, lina loyang'ana kumanja, lotsatira kumanzere. Kuti mcheko uyende molunjika, mano onsewa ayenera kufanana kutalika ndi kupendekeka kwake. Tsono mukakankha tupa, dzino limagwedera mu kangalande ka bar (chitsulo chachitali chimene tcheni imazungulirapo), limagona pang'ono kuthawa tupayo. Mbali imene dzanja lanu linazolowera mumakankha ndi mphamvu, dzino limadyeka kwambiri. Mbali inayo thupi limapindika, tupa amangopalasa pamwamba. Mukanola kasanu kapena kasanu ndi kamodzi chotero, mano a mbali imodzi amakhala afupi kuposa anzawo, ndipo mbali ya mano aatali ndiyo imakoka makina. Tengani tcheni yanu muiyang'ane padzuwa, muyerekeze dzino la kumanja ndi la kumanzere. Ndikhulupirira mudzaona nokha.

Mavayisi a ntchitoyi alipo a mitundu iwiri, ndipo anthu amawasokoneza. Ina imagwira bar, tcheni ili pa makina pomwepo. Inayo imagwira tcheni yokha itachotsedwa. Yoyambayo ndi ya kuthengo, yachiwiriyo ndi ya pakhomo. Inu mufunika zonse ziwiri, koma imene idzachiritse matenda anuwa ndi yachiwiri.

Ya kuthengo sivuta, ndinena mwachangu. Wowotcherera zitsulo aliyense angakupangireni kachitsulo kooneka ngati U, kokhala ndi misonga iwiri pansi yokhomera pachitsa. Mbali imodzi aboole, awotcherere nati, mulowetsepo bawuti lopana bar. Mumakhoma ndi nyundo pachitsa cha mtengo umene mwagwetsa, n'kumanga bar pakati pake, thupi la makina litatsamira pachitsa chomwecho. Chongoyang'anira n'chakuti U akhale wozama mokwanira kuti tcheni ya pansi izidutsa osakhudza chitsulo. Musanayambe kunola kungani tcheni pang'ono, ndipo muzitsekera buleki pamene mukunola, n'kumatsegula pofuna kusuntha mano. Ikafika nthawi yocheka, bwezerani tcheni pa kukungika kwake kwa masiku onse.

Tsopano ya pakhomo. Pezani zidutswa ziwiri za angle iron (chitsulo chopindika ngati L), chilichonse chotalika masentimita 25 kapena 30, zowongoka bwino. Zigundanitseni misana kuti mbali zoimirira zikumane ngati milomo, mbali zogona zikhale mapazi okhomera pa thabwa lolemera. Phazi limodzi lokha ndilo mulikhomere zolimba, linalo lisiyeni lizitha kusuntha pang'ono. Boolani mabowo awiri opyoza milomo yonse iwiri, muikemo mabawuti ndi manati a mapiko otembenuza ndi zala. Mabowowa akhale pansi ndithu, pafupifupi masentimita awiri kuchokera m'mphepete mwa pamwamba, kuti timiyendo ta tcheni, tija timayenda mu kangalande ka bar, tisagunde mabawuti.

Chinsinsi chonse chili pa mpata wa pakati pa milomoyo. Timiyendo ta tcheni timasiyana kunenepa: tilipo ta 1.1 mm, 1.3 mm, 1.5 mm ndi 1.6 mm. MS 381 kawirikawiri imabwera ndi tcheni ya 3/8 (nambala yosonyeza kukula kwa mfundo za tcheni) ya timiyendo ta 1.6 mm, ndipo manambalawa alembedwa pa bar kufupi ndi pomangira. Pansi pa milomo, kunsi kwa mabawuti, payenera kukhala kachitsulo konenepa mofanana ndi timiyendoto, kuti mukamanga manati milomo ipane tcheni mowongoka kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Musavutike kufunafuna choyezera. Tengani tcheni yakale yoduka ya mtundu womwewo, gumulani timiyendo titatu kapena tinayi, ndito muike pansipo. Ngati mulibe, mipeni iwiri ya hacksaw yotha mano ikaphatikizidwa imafika pafupifupi 1.3 mm, ndipo imagwira ntchito, ngakhale sipana mokoma ngati timiyendo tenitenito.

Vayisi yanga yoyamba ndinaiwononga ndekha ndi nzeru zochuluka. Ndinapita nayo kwa wowotcherera wina kufupi ndi msika wa Kapata, ndinamuuza kuti awotcherere kachitsulo ka pansi kaja kuti kasamagwe. Moto unapotoza milomo. Pakati imapana, kumapeto kuli gwaa, mano a kumapeto akuvina ngati kale. Mnyamatayo analibe mlandu, anachita zimene ndinamutuma. Yachiwiri sindinaiyandikize pamoto, ndinangoboola timabowo n'kumanga timiyendo ndi waya. Ili pakhonde panga mpaka lero, yakhomeredwa pa chidutswa cha muwanga cholemera moti mwana sanyamula.

China chimene ndinaphunzira mochedwa: m'mphepete mwa pamwamba mwa milomo muzipala ndi tupa wafulati mpaka mufanane ndendende. Tcheni imakhala pamenepo monga imakhalira pa bar. Mlomo umodzi ukakwera, mano onse amapendekeka ndipo mwabwerera ku maondo aja. Ena amapanga milomo ya matabwa. Ya malaina musayese n'komwe, ndi wofewa, timiyendo timadzikumbira malo m'sabata imodzi. Ya muwanga kapena tsanya imapirirako, koma chitsulo n'chitsulo.

Pa thabwa la pansi jambulani mizera ndi pensulo ya kalipentala, yopendekeka madigiri 30 mbali zonse ziwiri. Imeneyo ndi ya tcheni yodulira mitengo mopingasa, ya nkhuni zowotchera njerwa kapena fodya. Koma inu mumang'amba matabwa motsata mtengo, choncho jambulaninso mizera ya madigiri 10. Tcheni yonoledwa pa 10 imayenda pang'onopang'ono koma imasiya thabwa losalala ndipo siithawathawa. Ndikanakhala inu ndikanasunga matcheni awiri, ina yogwetsera ndi kudulira, ina yong'ambira, m'malo momasinthasintha ngodya pa tcheni imodzi mpaka mano kutha. Ponola, tupa ayende mofanana ndi mzera umene uli pansi pa maso anu. Mukamaliza mano a mbali imodzi, tembenuzani thabwa lonse kuti mbali inayo muinolenso mutaima chimodzimodzi. Apa ndi pamene vayisi imaposa maondo kutali.

Za tupa. Tcheni ya Stihl ya 3/8 imafuna tupa wobulungira wa 5.2 mm. Ya .325 imafuna wa 4.8 mm, ya .404 ya makina aakulu ngati Stihl 070 imafuna wa 5.5 mm, ndipo timakina tating'ono ta 3/8 yopepuka timafuna wa 4.0 mm. Mukapita ku masitolo a zitsulo kuno ku Chipata tengani tcheni m'thumba, musangonena kuti "ndifuna tupa wa chainsaw", adzakupatsani amene ali pafupi ndi dzanja. Tupa azitulukira pamwamba pa dzino pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kunenepa kwake. Kankhani kuchokera m'kati mwa dzino kupita kunja, pobwerera mumunyamule, chifukwa kumukoka akukhudza chitsulo kumamupha msanga. Pa tcheni yanu yokhotayi, pezani dzino lalifupi kuposa onse, lipakeni choko, linoleni, kenaka mano ena onse muwatsitse kufikira afanane nalo. Zidzakupwetekani mtima kuona chitsulo chabwino chikugwa pansi, koma palibe njira ina.

Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kamutu kosathwa kamene kamaletsa dzino kuluma mozama. Mano akamafupika amatsikanso, choncho kamutuko kayenera kutsitsidwa ndi tupa wafulati kuti kakhale 0.65 mm pansi pa nsonga ya dzino. Ndaona anyamata akutipala timituti mpaka kutheratu, ati makina azidya ngati fisi. Amadyadi, mpaka tsiku limene nsonga ya bar ikhudza nthambi, makina n'kudumphira kunkhope. Pa mitengo yolimba ngati tsanya wa ku Mambwe musapyole 0.65 ngakhale pang'ono. Mpeni umodzi wa hacksaw ndi wonenepa pafupifupi chomwecho, mungayezere nawo mutagoneka chitsulo chowongoka pamwamba pa mano awiri.

Mukachita zonsezi mcheko n'kumakhotabe, yang'anani bar. Milomo ya kangalande kake imadyeka mosiyana ikakhala nthawi yaitali ndi tcheni yokhota. Ichotseni, muiimike pathebulo, muone ngati mlomo wina watsika, muupale mnzakewo mpaka afanane, ndipo muziitembenuza chapansi kukhala chapamwamba nthawi iliyonse mukasintha tcheni. Komanso musanalowetse makina mu chipika chimene chakhalitsa pansi, palani dothi limene chiswe chamata pa khungwa. Dothi limenelo limabunthitsa tcheni yonoledwa kumene musanathe ndi thabwa limodzi lomwe. Utuchi ndiwo udzakuuzani: ukamatuluka wa tizibanthu tokhuthala zili bwino, ukasanduka ufa zimitsani makina, kakhomeni U uja pachitsa.

Mukaipanga munditumizire chithunzi, a Mbewe, makamaka cha pamwamba pa milomo tcheni ili m'kati. Ndikufuna ndione ngati yapana mpaka kumapeto.