Mafyuluta onyezimira pa MGB: yankho kwa achimwene a ku Joni

Kalata yabwera kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku Johannesburg. Ali ndi galimoto ya MGB ya 1966 ya makabuleta (zida zosakaniza mpweya ndi petulo) awiri a mtundu wa SU. Anachotsa zitini zakuda zija za mafyuluta a mpweya zimene galimoto inabwera nazo, n'kuikapo mafyuluta opyapyala onyezimira ogula pa intaneti. Akuti akatsegula boneti anthu akumaima kudzaona, koma pamsewu galimoto yayamba kutsokomola akaponda moto, nthawi zina kuphulika ku kabuleta, ndipo pachitunda yafooka. Funso lawo: agule mafyuluta a kampani ya K&N, abwezeretse akale, kapena vuto lili pena?

Achimwene, musagule kanthu kaye. Tengani sipanala, masulani fyuluta imodzi, muyang'ane kukamwa kwa kabuleta.

MGB yanu ili ndi injini ya 1798cc ndi makabuleta a SU HS4, a kukamwa kwa inchi imodzi ndi theka. Pankhope ya kabuletayo, pamene fyuluta imakhala, muona bowo lalikulu lolowera mpweya, mabowo awiri a mabawuti, ndi timabowo tina chapamwamba. Timabowo timeneti anthu ambiri satiwerengera, koma moyo wa SU uli pamenepo. Mkati mwa chivindikiro chooneka ngati belu cha pamwamba pa kabuleta muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika. Injini ikamakoka, mpweya wa pamwamba pa pisitoni umayamwidwa, ndipo mpweya wakunja wolowera pa timabowo tija umaikankha chapansi kuti ikwere. Ikamakwera imatsegula njira ya mpweya, komanso imazula singano m'jeti, kabowo kotulukira petulo, kuti petulo achuluke. Mukatseka timabowoto, pisitoni imakwera mwaulesi kapena kungokakamira pansi, ndipo galimoto imalira bwinobwino ili chiimire koma mukati muthamange imakana. Zimatsekeka m'njira ziwiri: gasiketi yaikidwa chadodolido, kapena mbale yakumbuyo ya fyuluta yatsopanoyo inaboledwa mosagwirizana ndi HS4. Mafyuluta otchipa ambiri amapangidwa kuti akwane pa makabuleta osiyanasiyana, choncho musadalire zolembedwa pa katoni. Ikani gasiketi ndi mbale pamodzi pa kabuleta, muone ndi maso kuti bowo lililonse likuonekera mpaka mkati.

Ngati timabowo tili bwino, tiyeni ku mawonekedwe a fyulutayo. Ine mafyuluta opyapyala aja sindiwakonda, ndinene poyera. Chivindikiro chake chimakhala pafupi kwambiri ndi kukamwa kwa kabuleta, ndiye mpweya umalowa cham'mbali n'kukhota mwadzidzidzi pamalo opanikizika. Kuwonjezera apo, mbale yake ndi chitsulo chophwatalala cha m'mphepete mwakuthwa. Mpweya ukadutsa pa ngodya yakuthwa umasiya khoma n'kudzipanikiza pakati, ngati anthu otuluka m'tchalitchi pa khomo limodzi, moti bowo la inchi imodzi ndi theka limagwira ntchito ngati laling'ono. Tsopano tengani zitini zakale zija muone mbale zake zakumbuyo. Kukamwa kwake n'kozungulizidwa bwino, kosalala. Akatswiri a ku Abingdon ku England, kumene MGB inkapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, sanachite zimenezo pofuna kukongoletsa. N'chifukwa chake zimatheka munthu kuwononga ndalama pa fyuluta ya "sipoti" n'kupeza galimoto ikupuma movutikira kuposa kale. Phokoso lokha ndi limene limachuluka, ndipo khutu limanamiza mwini wake kuti liwiro lawonjezeka.

Mukafuna fyuluta yosakhala ya fakitale, sankhani yakuya, yotalika mokwanira malo amene alipo pakati pa kabuleta ndi khoma la m'mbali, ndipo mkati mwake muike timphete tozungulira kukamwa timene ogulitsa zida amati stub stack. Yezani malowo ndi tepi musanaitanitse, ndipo musiye mpata, chifukwa injini imagwedezeka pa malabala ake. Yanu ndi ya chiwongolero cha kumanja, makabuleta ali kumanzere, choncho malo alipo ndithu. Amene amavutika ndi a magalimoto a chiwongolero cha kumanzere a zaka zakumapeto, kumene zida za mabuleki zimadya malo, mpaka kufuna mafyuluta osongoka.

Nanga nsalu, siponji kapena pepala? K&N, kampani ya ku California, amagwiritsa ntchito nsalu ya thonje yopakidwa oyilo, yogwiridwa ndi waya. ITG ndi Pipercross a ku Britain amapanga a siponji, nawonso opaka oyilo. Onsewa amalowetsa mpweya wambiri ndipo amachapidwa n'kubwezeretsedwa. Koma chimene chimagwira fumbi ndi oyiloyo. Akauma, kapena mukachapa n'kuiwala kupaka, fumbi losalala limadutsa n'kukapala masilinda ndi maring'i. Pepala ndi limene limagwira fumbi losalala bwino koposa popanda kulisamalira, kungoti likadzaza mumataya. Ndiye dzifunseni kumene galimoto imayenda. Ngati ndi phula lokhalokha Lamlungu m'mawa, nsalu kapena siponji zili bwino. Ngati mumalowa m'misewu ya dothi, kapena mumayenda mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo ya ku Highveld, dera lokwera kumene kuli Joni, ikuulutsa fumbi la m'migodi, ine ndingabwezeretse zitini zakuda ndi pepala latsopano. Za malipenga omangidwa pakamwa pa kabuleta opanda fyuluta, kapena a waya wokha, tisakambe n'komwe. Amenewo ndi a pa bwalo la mpikisano kumene injini imaphwasulidwa kawirikawiri.

Tsopano kutsokomola kuja. Kuphulika ku kabuleta nthawi zambiri kumatanthauza kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya. Fyuluta ya fakitale imaletsa mpweya pang'ono, ndipo singano inasankhidwa powerengera kuletsako. Mukamasula njira, singano yomweyo imapereka petulo wosakwanira, makamaka injini ikamathamanga. Izi si zongonyansa m'khutu ayi: injini yosowa petulo imatentha ndipo imatha kuwotcha mavalavu. Ambiri amathamangira kutsitsa nati ya jeti pansi pa kabuleta. Natiyo imasuntha zonse pamodzi, ndiye mukakonza za pa liwiro, galimoto ili chiimire imayamba kufuka utsi wakuda. Mankhwala enieni ndi singano ya mawonekedwe ena, yopyapyala kunsonga. Pa injini ya chaka chanu singano ya masiku onse ndi nambala 5, yopatsa petulo wambiri ndi 6, yochepetsa ndi 21. Nambalayo inadindidwa pa tsinde la singano, muiona mukaizula mu pisitoni. Amene aika mafyuluta omasuka pa HS4 ya singano yokhazikika, ngati yanuyi, ambiri amapita ku 6.

Koma apa pali china chimene malangizo olembedwa ku England sanena. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, choncho kabuleta yochunidwa ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, ikafika ku Joni imapereka petulo wopitirira. N'kutheka mwini wake wakale anaika kale singano yochepetsa chifukwa cha zimenezi, ndiye inu mwabwera kudzawonjezera mpweya pamwamba pake. Mukapeza 21, yesani 5 musanalumphire ku 6. Mukapeza 5, mwina ingakwane mukangochuna bwino. Zonsezi zimafuna kuona, osati kulota.

Kachunidwe kake n'kosavuta. Injini itenthe kaye, belu lililonse likhale ndi oyilo wopepuka wa SAE 20 kapena wogulitsidwira SU. Poyambira, kwezani jeti ifanane ndi mlatho, kachitunda ka m'kabuleta pamene jeti imatulukira, kenako tsitsani nati kuzungulira kawiri. Pambali pa kabuleta pali kapini kokwezera pisitoni. Kwezani pisitoniyo pang'ono chabe, ngati milimita imodzi. Kulira kwa injini kukakwera pang'ono n'kubwerera, zili bwino. Kukakwera n'kukhala pomwepo, petulo wachuluka. Injini ikafuna kuzima, wachepa. Chitani mbali zonse ziwiri. Dziwani kuti kuyesa kumeneku kumangokuuzani za galimoto ili chiimire. Za pa liwiro muzidziwa poyendetsa pamsewu wautali n'kuyang'ana mapulagi: ofiirira ngati khofi wamkaka ali bwino, oyera mbee ndiye njala ya petulo, akuda bii ndiye petulo wachuluka. Kumeneko kuli magalaja okhala ndi makina oyendetsera galimoto pamalo amodzi n'kuyeza utsi. Ola limodzi pamenepo limaposa masabata a kuyesayesa.

Pomanga, gasiketi ikhale yatsopano. Mabawuti a galimoto iyi ndi a mainchi, musakakamizepo a mamilimita. Nati kapena washala iliyonse imene ili mkati mwa fyuluta imangidwe ndi mankhwala ogwira mazinga kapena nati yodzitseka, chifukwa ikamasuka ilibe kwina kopita koma mu silinda. Chitsulo chotchinga kutentha pakati pa makabuleta ndi ekizozi chisachoke. Ndipo zitini zakale zija musataye kapena kupereka kwa ogula zitsulo. Tsiku logulitsa galimoto, wogula wodziwa MG adzazifunsa.

Mukamasula, ndilembereni nambala imene mwapeza pa singano zonse ziwiri, chifukwa pa magalimoto a zaka zimenezi si zachilendo kupeza kabuleta yakutsogolo ili ndi ina, yakumbuyo ina.