Kodi ndipite ku Joni? Yankho kwa mnyamata wa ku Balaka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Balaka. Folomu 4 anamaliza zaka zitatu zapitazo koma ntchito sikuoneka, ndipo msuweni wake yemwe ali ku Johannesburg akumuitana kuti kumeneko ntchito ndi mbwee. Pasipoti ali nayo kale, ya basi waipeza atagulitsa mbuzi ziwiri ndi nandolo. Funso lake ndi lakuti: "Moyo wa tsiku ndi tsiku kumeneko ndi wotani kwenikweni? Mundiuze zoona, poti obwera pa Khirisimasi amangotionetsa nsapato ndi mafoni."

Achimwene, zikomo pondikhulupirira. Kuno ku Joni ndakhalako zaka 9, ndipo ndikuyankhani ngati mng'ono wanga.

Za ulendo sinditayapo nthawi. Mukakwerera pa Wenela mu Blantyre, malo omwe dzina lake ndi la bungwe lija linkalemba agogo athu ntchito za m'migodi, mpaka ndege yonyamula Amalawi inagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa. Mukadutsa Mwanza, Zobue, kutentha kwa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako Musina, mpaka Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi mu Johannesburg. Ndi ulendo wa masiku awiri, mwinanso kuposa ngati mzere pa Beitbridge watalika. Pa chipata chilichonse tsikani, mudinditse nokha pasipoti. Wina akati "bweretsa ndikudindire", mukaneni, chifukwa chidindo chabodza chidzakupwetekani inuyo, iye ali kutali.

Nkhani yaikulu, yomwe msuweni wanu mwina sanaitchule, ndi ya mapepala. Mmalawi akamalowa mu South Africa amapatsidwa masiku osapitirira 30 ngati mlendo wodzacheza, ndipo chidindo chimenecho sichilola munthu kugwira ntchito. Chilolezo cha ntchito munthu amapempha ali kwawo, ndipo kwa wopanda luso lapadera n'chovuta zedi kuchipeza. Kuyambira 2014 lamulo likuti mukapyola masiku anu amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo mukapyola ndi masiku oposa 30 chiletsocho ndi cha zaka zisanu. Ogwidwa amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo.

Mwina mukuona ngati zimenezi ndi za pa chipata pokha. Ayi ndithu. Kupanda mapepala kumalowa nanu m'nyumba, kumadya nanu nsima. Kubanki simungatsegule akaunti, ndiye malipiro anu amagona m'sokosi kapena mu akaunti ya munthu wina. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R28.79 pa ola, koma bwana amene akudziwa kuti mulibe kokadandaula salabadira zimenezo. Ine chaka changa choyamba ndinagwira ganyu yopenta nyumba masabata atatu. Tsiku lolipira, mwini wakeyo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Permit yako ili kuti?" Ndinanyamula kachikwama kanga n'kutuluka pageti, penti ali m'zikhadabo, m'thumba mulibe ngakhale ya taxi. Ndinayenda wapansi maola awiri. Mpaka lero ndikadutsa msewu umenewo mtima umandiwawa.

Taxi ndaitchulayi ndi minibasi, koma ilibe kondakitala woitanira. Mumaima m'mbali mwa msewu n'kupereka chizindikiro ndi dzanja: chala choloza kumwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti mutsika pafupi. Ndalama zimayenda kuchokera kumbuyo, mzere ndi mzere, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga n'kubweza chenje. Masabata oyamba musakhale mpando wakutsogolo. Anthu amakulankhulani Chizulu mofulumira, inu mukuyankha Chingerezi, galimoto yonse yadziwa kuti ndinu wobwera. Phunzirani Chizulu msanga, ngakhale moni ndi manambala chabe. Chilankhulo chimateteza kuno, ndipo sichivuta kwambiri kwa ife poti mawu ambiri ndi apachibale ndi athu.

Mawu akuti makwerekwere, onyozera obwera ngati ife, mudzawamva. Masiku ambiri amangothera pakamwa, koma mu Meyi 2008 ziwawa zomwe zinayambira ku Alexandra zinapha anthu oposa 60, ndipo mu 2015 zinabukanso ku Durban, Amalawi ambiri n'kubwerera kwawo pa mabasi a boma manja ali m'khosi. Ndinene chilungamo: amene anandibisa m'nyumba mwake pa nthawi ina ya chipwirikiti anali mayi wa Chisotho, neba wanga, ndipo anthu otere alipo ambiri. Komabe munthu umagona khutu lili kunja.

Kuzizira musakupeputse. Juni ndi Julayi kuno udzu umayera ndi chisanu m'mawa, ndipo ambiri a ife timayambira mu mkuku, kanyumba ka malata, anthu anayi kugawana lendi. Anzathu ena anatisiya chifukwa chogona ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka. Musadzayese. Tengani jekete ndi bulangete lochindikala, komanso nyemba ndi usipa pang'ono ngati akulolani pa chipata, poti ufa umapezeka koma ndiwo zakwathu mudzazisowa.

Kwanu nako kudzakhala katundu wina pamutu. Mukangofika, foni imayamba kulira: fizi, feteleza, matenda, maliro. Kumudzi amawerenga randi m'makwacha, saona lendi, thiransipoti ndi magetsi. Ambiri amene timawatcha matchona sanaiwale kwawo. Manyazi ndiwo anawatsekera njira, poti zaka zapita alibe choti akaonetse, ndipo masiku anapyola kalekale moti akatuluka sangalowenso. Choncho uzani amayi musananyamuke kuti miyezi yoyamba musayembekeze kanthu. Mukakhazikika, lowani gulu la Amalawi losonkherana za maliro, chifukwa kunyamula thupi kuchoka kuno kukafika ku Balaka ndi ndalama zambiri zomwe banja limodzi silingakwanitse.

Ndiye mupite kapena ayi? Ine sindingakuletseni, poti njala ya ntchito ndikuidziwa, ndipo alipo amene amanga nyumba za malata kwawo ndi thukuta la kuno. Koma muimbireni msuweni wanu, mumufunse zinthu izi mosapita m'mbali: ntchitoyo ndi yanji, kwa ndani, malipiro zingati, mukagona pati, ndipo iyeyo mapepala ake ali bwanji. Akayamba kuzungulira, ndiye kuti ntchitoyo palibe. Ngati muli ndi luso la m'manja, monga kusoka, kuwotcherera kapena kumanga, tengani mapepala ake onse. Ndipo ndalama yobwerera muisokere m'lamba, isakhudzidwe ngakhale msuweni atalira bwanji, kuti tsiku la 28 likakwana zinthu zisanaoneke mutu wake, mukwere basi pasipoti yanu ikadali yoyera.

Mukaganiza zonyamuka mundilemberenso tsiku lake, ndidzakuuzani poima pa Park Station podikira okuchingamirani, makamaka basi ikafika usiku.